Thewera Loyera la a Gelesomu

Kalekale, koma osati kale loti mboni zake zonse zili m'manda, pa Kanjerwa panali bambo wina dzina lawo a Gelesomu. Anali ndi pikapu yakale yobiriwira imene ankanyamulira anthu ndi katundu kutsika nawo kumsika wa kuchigwa. Msewu wa kuchigwako ndi woopsa. Umazungulira m'mbali mwa phiri, uku thanthwe, uku phompho. A Gelesomu anauyenda zaka makumi awiri ndi zinayi osagunda ngakhale mbuzi.

Akazi awo a Nangondo anali obwera. Anawatenga chitengwa kuchokera kutali, ndipo ngakhale imvi zinawamerera pamudzi pomwepo, anthu ankawatchulabe kuti alendo. Mwana wawo anali mmodzi yekha, Lekani, munthu wandevu kale, mkazi wake ali woyembekezera. Lekaniyo ndiye ankatsuka galimoto m'mamawa asanapite kudimba kwake. Kuseri kwa mpanda kunkakhala a Layisoni, mng'ono wawo wa a Gelesomu, wokonza zigayo ndi mainjini, bambo wa ana asanu ndi mmodzi.

Anthu ankawaseka a Gelesomu chifukwa cha nsalu. Wina akafuna chopukutira galimoto amangong'amba malaya otha. Iwo ayi. Ankapita pakaunjika n'kukhala pansi ngati mayi wosankha nyemba. Nsalu yonyezimira ankaiponya uko. "Iyi simwa madzi, imangowathamangitsa." Akapeza ya thonje ankaikhudzitsa patsaya, kenaka n'kudonthezapo madzi a m'botolo kuti aone ngati alowa. Akafika nayo kunyumba ankachotsa mabatani, zipi ndi misoko yonse yokhuthala ndi lezala, poti zimenezo ndi zimene zimakanda penti.

Nsalu zawo zinali zitatu, iliyonse ndi msomali wake pakhonde, iliyonse ndi beseni lake lochapira. Thaulo lalikulu linali la thupi la galimoto. Chisanza chakuda chinali cha matayala ndi injini. Ndiye panali thewera loyera la mwana, lofewa chifukwa chochapidwa kambiri, la galasi basi. Nsalu ikagwa pansi inkatsitsidwa udindo n'kukhala ya matayala, chifukwa mchenga ukalowa mu ulusi sutulukamo. Sankayanika paudzu kapena pampanda, koma pachingwe, pamthunzi. Ndipo thewera lisanafike pagalasi, wopukutayo ankayenera kulinunkhiza kaye.

Anali aukali, inde. Tsiku lina Lekani atasokoneza mabeseni anamuponyera ndowa, chipsera chili pachigongono mpaka lero. Koma amene akunena tsopano kuti munthu uja anali wovuta ndi omwewo ankagogoda pachitseko chawo mwana akadwala, n'kukwera ulere kupita kuchipatala.

Loweruka lina m'mwezi wa Ogasiti pikapu inanyamuka dzuwa lisanatuluke, kumbuyo kuli anthu khumi ndi awiri ndi matumba a mbatata. Pakona yachitatu, pamene msewu umatembenukira kum'mawa, dzuwa linatulukira pamaso pawo penipeni. Mayi amene anakhala kutsogolo anapulumuka, ndipo anati a Gelesomu anakuwa kawiri kuti, "Sindikuona! Sindikuona msewu!" Galimoto inapita kuphompho. Anafa anthu atatu: a Gelesomu, mkazi wa a Fanuelo akalipentala, ndi mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi. A Layisoni ndi amene anatsika m'phomphomo ndi chingwe, n'kukwera ndi achimwene awo pamsana.

Manda asanaume, nkhani inali itapsa kale. Munthu wowerenga nambala ya galimoto ili patsidya la mlatho angalephere bwanji kuona msewu kutacha? Anachita kuphimbidwa kumaso. Anawaphimba ndani? Amoyo savutika kupeza yankho. Ankatafuna nyama ya mbuzi ya malemu, m'kamwa momwemo akutafuniramo akazi a malemu. Wina anati a Nangondo sanalire mokwanira. Wina anati analira mopitirira, ngati munthu wobisa kanthu. Wina anakumbukira kuti kwawo kwa a Nangondo n'kwa anthu odziwa zitsamba. Wokweza mawu kuposa onse anali a Layisoni.

"Alamu angawa atiuze," ankatero. "Achimwene anadya chakudya cha ndani m'mawa umenewo?"

Lekani ankamva zonsezi. Chaka chapitacho, kumudzi wa kutsidya la mtsinje, anthu anatsekera gogo wina m'nyumba n'kuyatsa denga. Lekani anauona utsi wake ali kudimba. Apolisi ali kuboma, ulendo wa maola awiri, ndipo anafika phulusa litazizira. Ena mwa amene anayatsa moto umenewo anali pamaliro a bambo ake, akuimba nyimbo za kwaya ndi mawu okoma.

Lolemba, ataika maliro, Lekani anatsika yekha kuphompho kukaona zimene akuba anasiya. Matayala anali atapita, batire itapita. Galasi la kutsogolo linali litafwamphuka lonse n'kukakodwa pachitsamba, long'aluka koma logwirana. Analinyamula kuti alisunthe, dzuwa n'kuwomba pamenepo. Galasi lonse linayera ngati nkhungu. M'kuyeramo munali mizere yokhota ya mitundu ya utawaleza, kuchokera kumanzere kupita kumanja, kuchokera kumanja kubwerera kumanzere. Lekani anaizindikira mizereyo. Ndi mmene dzanja lake limayendera akamapukuta.

Anapititsapo chala. Panali poterera. Ananunkhiza chalacho, n'kukhala pansi pamiyala.

Atafika kunyumba anapita pakhonde. Thewera linali pamsomali wake, loyera mbee. Analiika pamphuno: dizilo. Anathirapo madzi a m'kapu, madziwo n'kugubuduka ngati pamsana pa bakha.

Anawapeza amayi ake kuchipinda, atakhala pamphasa, atafunda nsalu yakuda.

"Amayi, thewera ili analigwira ndani?"

A Nangondo analiyang'ana, n'kuyang'ana kukhoma.

"Amayi, anthu akunola zikwanje kunjaku. Ndiuzeni."

"Ndinangofuna kuti pakhomo pakhale bata, mwana wanga."

Anafotokoza zonse monong'ona, Lekani n'kuwonjezapo zake zimene ankazidziwa yekha. Thewera lija linadutsa m'manja atatu, masiku atatu.

Lachinayi linali m'manja mwa a Layisoni. Paipi ya dizilo ya pikapu inkadontha, ndipo a Gelesomu atapita kumsonkhano wa kutchalitchi, mng'ono wawoyo analowa pansi pa galimoto kuti awakonzere, osapemphedwa ndi munthu. Paipi inaphulika, dizilo n'kuwathira m'maso. Anatuluka akukwawa, osaona, napapasa pakhonde, nagwira nsalu yoyamba imene dzanja linapeza. Maso atatseguka anaona chimene agwira. Munthu wa ana asanu ndi mmodzi anaopa kukalipiridwa ngati kamwana, choncho analipinda theweralo n'kuliponya kuseri kwa nkhokwe, osauza munthu.

Lachisanu linali m'manja mwa a Nangondo. Anali ataona zonse ali pamtondo. Ankadziwa kuti abale awiriwa anakhalapo chaka chathunthu osalankhulana chifukwa cha sipanala imodzi, ndipo sanafune kuti zibwerere. Tsikulo galimoto sinayende, ndiye thewera silinafunidwe. Analitola, nalibisa m'chitenje. Beseni la thewera linali pafupi ndi mpando wa amuna awo, choncho anatenga la chisanza cha matayala, napita nalo kumjigo. Anachapa katatu ndi madzi ozizira mpaka zala zinasupuka, thewera n'kuyera. Analiyanika kuseri kwa bafa, madzulo n'kulibwezera pamsomali wake, mtima uli m'malo kuti aphimba mkangano.

Loweruka linali m'manja mwa Lekani. Anadzuka mochedwa chifukwa mkazi wake sanagone bwino. Anatsuka mothamanga kukadali kamdima, anthu atakwera kale. Ataika thewera pagalasi anamva kuti likuterereka, silikumwa madzi, likungowakankha. Dzanja linamuuza kuti pali cholakwika. Koma bambo ake anali akuliza hutala. "Iwe! Ukupukuta galimoto kapena ukusambitsa mkwatibwi?" Anthu kumbuyo anaseka. Lekani sananunkhize. Anangotikita mwamphamvu mpaka galasi linaoneka ngati lauma, namenya pabonati, nati, "Yatha, Bambo."

Atatha kulankhulana, Lekani anagwira dzanja la amayi ake.

"Nyamukani, ndikuperekezeni kwanu lero lomwe. Tidzera kudimba."

"Ndithawe ndisanamete maliro a mwamuna wanga? Ndiye kuti ndavomera. Adzanditsatira mpaka kwathu, ndipo iwe ndi mkazi wako mudzatsala m'manja mwawo."

"Akuotchani, Amayi."

"Mwina. Koma za theweralo usanene. Ukangoti ndinalichapa mobisa, adzati ndi momwe ndinaikiramo mankhwala."

Lekani anazungulira mpanda. A Layisoni anali pansi pa mtengo wa mango, akumasula injini ya chigayo.

"Bambo aang'ono, Lachinayi lija munadzipukuta ndi chiyani kumaso?"

Sipanala inaima.

"Wayamba liti upolisi, iwe?"

"Ndafunsa chabe."

"Anthu atatu afe ndi thewera? Thewera la manyi a mwana? Kanene zimenezo kwa a Fanuelo uone ngati ubwerako ndi mano."

"Galasi ndaliona. Inunso munaliona, tsiku lomwelo, mmene munkatsika ndi chingwe."

A Layisoni anayang'ana uku ndi uku. Polankhulanso mawu anali otsika.

"Tamvera, mwana wa achimwene. Ukatchula dzina langa, ine ndidzafunsa kuti anachapa ndani. Ndikatero ndidzafunsa kuti anapukuta ndani. Mphuno unali nayo. Ine ana anga ndi asanu ndi mmodzi, wamng'ono akuyamwa. Amako akalamba, adya zawo."

Lekani anawayang'ana bambo ake aang'onowo, munthu amene anasenza mtembo pamsana kukwera phiri lonse lija akulira ngati mwana. Anafuna kuwalavulira. Koma anangotembenuka n'kubwerera kunyumba.

Lachiwiri linali tsiku lometa. Anthu anayamba kufika dzuwa litangokwera pang'ono, koma malezala anali ochepa kuposa zikwanje. Amayi ena anali atamanga miyala m'zitenje. Mnyamata wina wakabaza anaimika njinga yake yamoto pafupi ndi nkhokwe, n'kuyamba kukhetsera petulo m'botolo, poyera, osabisa, akuimba kamluzu. Mkazi wa Lekani analowa m'nyumba n'kukhala pafupi ndi apongozi ake, nakana kutuluka.

Kutsogolo kwa gululo kunali a Fanuelo. Sanadye chiikireni mkazi ndi mwana. Sankakuwa ngati enawo. Anangoima, manja ali lende, m'dzanja limodzi muli kasemasema wawo wa ntchito.

"Lekani," anatero a Layisoni, osamuyang'ana kumaso, "tulutsa mkazi wako m'nyumbamo. Ife tilibe naye chifukwa."

"Atuluke mlendoyo!" anakuwa mayi wina kumbuyo. "Atiuze chimene anamuthira m'maso mwamuna wake!"

"Wadya mwamuna, mawa adya ife!"

Lekani anaima pakhomo, msana utatsamira chitseko. Ankamva amayi ake akupemphera m'katimo, ndi mpweya wa mkazi wake ukutuluka mothamanga. Mwala woyamba unagwa padenga, malata n'kulira.

"Dikirani!" anakuwa Lekani. "A Fanuelo, inu ndinu amisiri. Mumaika magalasi m'mazenera. Ndikuonetseni chinthu chimodzi, kenaka muchite zimene mwabwerera."

Anasolola galasi limodzi pazenera la pabalaza. Analiviika m'ndowa ya madzi, nalikweza kuti onse aone kuti ndi loyera. Kenaka anatenga thewera pamsomali, napukuta galasilo mmene amapukutira masiku onse, kumanzere, kumanja, mpaka linauma. Analipereka.

"Yang'anirani dzuwa m'menemo."

A Fanuelo anaika kasemasema pansi, nakweza galasilo kum'mawa. Anakhala choncho nthawi yaitali. Analitembenuzira kumthunzi, n'kuona mtengo wa mango bwinobwino. Analibwezeranso kudzuwa. Kenaka anatambasula dzanja, Lekani n'kuwapatsa thewera. Ananunkhiza kamodzi. Galasi linayenda m'manja mwa anthu, aliyense akukweza, akutsinzina, akupatsira mnzake. Phokoso linazima. Wakabaza uja analeka mluzu.

Lekani anapuma, poganiza kuti zatha. Anali asanawadziwe bwino amoyo.

"Ndaona," anatero a Fanuelo mofatsa. "Si mankhwala. Ndi dizilo." Anawerama, natola kasemasema uja. "A Gelesomu ndinkawadziwa. Nsalu iyi sankalola ngakhale ntchentche kuteramo. Ndiye kuti pali munthu. Mwana wanga anali atavala diresi latsopano, Lekani, amapita kukaonetsa agogo ake. Ndipatse dzina la amene anachita izi."

"Zinali ngozi, bambo. Palibe amene anafuna..."

"Sindinafunse amene anafuna. Dzina."

"Dzina! Dzina!" gulu linayankhira, miyala ikutuluka m'zitenje.

A Layisoni anali atabwerera m'mbuyo pang'ono, mwana wawo wamkazi atawagwira thalauza. M'nyumba pemphero linali litasiya. Lekani anadziwa kuti amayi ake aima kuseri kwa chitseko, dzanja lili pachokowera, okonzeka kutuluka kuti adzitchule okha iye akachedwa.

Akatchula a Layisoni, sananame: popanda dzanja lawo dizilo sakanafika pathewera, ndipo akanangonena Lachinayi lomwelo, a Gelesomu akanakalipa, n'kugula lina, n'kukhala moyo. Munthu yemweyo wakhala masiku atatu akusonkhezera moto woti uotche mlamu wake. Koma analowa pansi pa galimoto kukathandiza, anagwira nsalu ali wosaona, ndipo ana asanu ndi mmodzi aima pomwepo kuti aonerere.

Akatchula amayi ake, sananamenso: thewera likanatsala kuseri kwa nkhokwe lili lakuda, palibe akanaliika pagalasi. Ndi manja awo amene analiyeretsa kuti linamize maso, n'kulibwezera pamsomali. Koma ndi amayi ake, ndipo chimene anafuna ndi choti abale awiri asadane.

Akadzitchula yekha, ndiye zoona zenizeni zimene zimamudzutsa usiku: lamulo analidziwa, dzanja linamuchenjeza, mphuno inali pomwepo, iye n'kuopa kusekedwa ndi anthu a kumbuyo kwa pikapu. Koma akagwa iye, mkazi wake abereka mwana wamasiye mwezi wamawa, ndipo pakhomo pa a Nangondo sipatsala woima.

Akatchula onse atatu, gulu lisankha lokha, ndipo gulu limasankha wopanda abale. Akakhala chete, botolo lija ladzaza kale.

A Fanuelo anasendera phazi limodzi. Chokowera cha chitseko chinayamba kutembenuka kumsana kwa Lekani.

Ine ndaima pomwepa. Inu amene mwamva, inu odziwa kuweruza pamaliro a anzanu, musandiuze kuti onse analakwa, chifukwa a Fanuelo akufuna dzina limodzi ndipo chitseko chikutseguka. Nenani: Lekani atchule ndani?